KUONA MASO A NKHONO: Za Nyumba ya Zithunzi ya ku London ndi Mamembala Ace

Pakati pa mzinda wa London, pabwalo lochedwa Trafalgar Square, pali nyumba yaikulu ya nsanamira zamiyala, dzina lace National Gallery. Nchito ya nyumbayi ndi imodzi: kusunga zithunzi zojambula ndi manja ndi kuzipacika pakhoma kuti anthu azione. Zithunzizo nzoposa 2,300, ndipo zambiri mwa izo zinajambulidwa ku Ulaya pakati pa caka ca 1250 ndi caka ca 1900. Si zithunzi za kamera ai. Ciri conse cinatuluka m'dzanja la mmisiri amene anasakaniza utoto wace, naupaka pathabwa kapena pansalu, nthawi zina kwa miyezi yambiri.

Munthu ali yense amalowa m'zipinda za nyumbayi osalipira kanthu. Koma kuyambira caka ca 2014 alipo anthu ena amene amapereka ndalama caka ndi caka kuti maina ao alembedwe ngati mamembala. Apa pali mlandu woyenera kuuweruza. Kodi munthu apindulanji polipira pakhomo lopanda msonkho? Nanga membala aona ciani cimene mlendo wa tsiku limodzi saciona?

Ciyambi ca Nyumbayi

M'caka ca 1824 Nyumba ya Malamulo ya ku Britain inabvomereza kugula zithunzi 38 zimene anasiya munthu wacuma, John Julius Angerstein, pamtengo wa £57,000. Poyamba zithunzizo zinaonetsedwa m'nyumba ya malemuyo pamseu wa Pall Mall. Nyumba imene iripo lero, yomangidwa monga anailinganiza William Wilkins, inatsegulidwa m'caka ca 1838. Malo ace anawasankha cifukwa ali pakati pa mzinda, kuti olemera a kumadzulo azifika pamagareta ao, ndi osauka a kum'mawa azifika wapansi.

Mfundo imeneyi njofunika kuikumbukira, pakuti ndiyo muyeso woyezera zonse zotsatira. Zithunzizo zinagulidwa kuti zikhale za mtundu wonse. Cinthu ciri conse cacilendo cimene nyumbayi iyambitsa ciyenera kufunsidwa ngati cithandiza anthu kuona bwino cuma caoco, kapena ciwatsekereza.

Mlendo ndi Mame

Anthu mamiliyoni amalowa m'nyumbayi caka ciri conse, ndipo ambiri a iwo amabwera kamodzi kokha. Zipinda nzoposa 60. Mlendo wotere afuna kuona zonse asanatope, comweco ayenda mofulumira, aima pang'ono pacithunzi cochuka, acijambula ndi foni yace, napitirira. Pofika kukhomo miyendo yalema, ndipo m'mutu mwasakanizika angelo, mafumu, akavalo ndi maluwa. Akulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka.

Munthu amene anaphunzira kuwerenga ali wamkulu adziwa bwino kumene kuli bvuto. Tsiku loyamba malembo aoneka ngati mapazi a nkhuku pamcenga. Pambuyo pace munthu azindikira lembo limodzi, kenaka liu, kenaka ciganizo cathunthu, kufikira pepala limene linali duu liyamba kulankhula. Cithunzi naco cimawerengedwa motero. Ciri ndi zizindikiro zace, ndipo sicipereka zonse tsiku limodzi.

Apa ndipo pali phindu loyamba la membala. Popeza walipira, mtima wace umuuza kuti apiteko kawiri-kawiri, ndipo popeza adziwa kuti adzabweranso, alibe liwiro. Atha kulowa kwa theka la ora, nakhala pabenchi m'cipinda cimodzi, natuluka. Zithunzi zitatu zionetsa cimene munthu wobwerezabwereza apeza.

Cithunzi ca Arnolfini

Coyamba ncacing'ono, msinkhu wace masentimita 82 okha. Anacijambula pathabwa Jan van Eyck m'caka ca 1434, mumzinda wa Bruges, umene lero uli m'dziko la Belgium. Cimachedwa cithunzi ca Arnolfini cifukwa akatswiri amati mwamuna ali m'menemo ndi wamalonda wa ku Italy wa banja la dzina limenelo. Wobwera koyamba aona mwamuna wa cisoti cacikulu cakuda atagwira dzanja la mkazi wobvala zobiriwira, kagalu kali kumapazi kwao. Ambiri amacoka akuganiza kuti mkaziyo ali ndi pakati, koma odziwa za zobvala za nthawi imeneyo amati wangokweza nsalu yoculuka ya cobvala cace, monga ankacitira akazi olemera.

Wobwera kaciwiri azindikira kalirole wobulungira pakhoma la kumbuyo. M'kaliroleyo muoneka misana ya awiriwo, ndiponso anthu ena awiri ataima pakhomo, pamalo pomwe paima woona cithunziyo. Pamwamba pa kalirole mmisiri analemba m'Cilatini kuti iye, Jan van Eyck, anali pomwepo, naikapo caka. Kuzungulira kaliroleyo kuli tizithunzi khumi, kali konse kocepa ngati cikhadabo, toonetsa masautso a Kristu ndi kuuka kwace.

Wobwera kacitatu aona kuti kandulo imodzi yokha iri kuyaka ngakhale kuli masana, kuti pazenera pali malalanje, cipatso cogulidwa kutali ndi ndalama zambiri m'masiku amenewo, ndi kuti nsapato zamtengo zabvulidwa ndi kusiyidwa pansi. Akatswiri amatsutsana za tanthauzo lace: ena amati ndi ukwati, ena cinkhoswe, ena cikumbutso ca mkazi amene anamwalira. Koma pa luso lace palibe mtsutso. Van Eyck anapaka utoto wamafuta wopyapyala, wina pamwamba pa unzace, kufikira kuwala kunaoneka ngati kucokera m'kati mwa thabwa. Anasamala ubweya wa galu monga momwe anasamalira nkhope ya mwini nyumba. Ndipo ndi kalirole uja anasandutsa woona ali yense kukhala mboni yoima pakhomo.

Akazembe Awiri

Caciwiri ncacikulu, mamita awiri m'litali ndi awiri m'lifupi, ndipo dzina lace ndi The Ambassadors, ndiko kunena akazembe. Anacijambula ku London m'caka ca 1533 Hans Holbein, mmisiri wa ku Germany. Kumanzere kwaima Jean de Dinteville, kazembe wa mfumu ya France ku England; kumanja kwaima bwenzi lace Georges de Selve, bishopu wa ku Lavaur. Onse awiri anali asanafike zaka 30. Pakati pao pali thebulo la magawo awiri lodzala ndi zinthu za anthu ophunzira: zipangizo zoyezera dzuwa ndi nyenyezi, mpira woonetsa maiko a dziko lapansi, buku la masamu, buku la nyimbo, ndi coimbira ca nsambo cofanana ndi gitala.

Pansi, patsogolo pa mapazi ao, pali cinthu cotuwa, cotalika, copendekeka, cooneka ngati utoto wotayika. Munthu akasuntha napita kudzanja lamanja la cithunzico, nayang'ana cam'mbali, cinthu cija cifupika nicisanduka cibade ca munthu wakufa. Alendo ambiri amamva za cibadeco, naciona, naseka, nacoka. Koma wodekha apeza zina. Nsambo imodzi ya coimbira cija njoduka. Caka cimeneco ndico cimene mfumu Henry VIII anakwatira Anne Boleyn, nayamba kupatukana ndi Papa wa ku Roma, ndipo Akristu a ku Ulaya anali ogawikana. Ambiri amati nsambo yodukayo inena za kusamvana kumeneko. Pangondya ya kumwamba kumanzere, kuseri kwa nsalu yobiriwira, kwasuzumira mtanda waung'ono wasiliva umene anthu ambiri sauona konse.

Nzeru ya Holbein iri apa. Woima patsogolo aona ulemerero wa anyamatawo, koma imfa saizindikira. Woima pambali aona imfa bwino lomwe, koma ulemerero uja wasokonezeka. Palibe malo amodzi poonera ziwirizo pamodzi. Cithunzi cimeneci cifuna miyendo pamodzi ndi maso, ndipo pakati pa khamu la masana munthu sasuntha momasuka. Wodziwa nyumbayi amafika m'mawa zitseko zitangotsegulidwa.

Ngolo Pamtsinje

Cacitatu ndi The Hay Wain, ndiko kunena ngolo yotutira udzu, ca John Constable, ca m'caka ca 1821. Bvuto la cithunzi cimeneci ndi kuchuka kwace. Anthu a ku Britain anaciona pamakalendala, pambale ndi pazitini za mabisiketi kufikira maso ao anacizolowera, ndipo cozolowereka sicionekanso. Muli ngolo yokokedwa ndi akavalo itaima m'madzi osaya a mtsinje wa Stour, kanyumba ka mlimi Willy Lott kumanzere, galu pagombe, ndi mitambo yodzaza mbali yaikulu ya kumwamba.

Constable anali mwana wa mwini cigayo ca ku Flatford, pamtsinje womwewo. Cithunzico anacijambulira ku London, potsata tizithunzi timene anatenga kumudzi kwao. Pamene anacionetsa koyamba sicinapeze wogula, koma m'caka ca 1824 cinaonetsedwa ku Paris, ndipo anapatsidwa mendulo yagolide. Woyandikira pafupi aona cimene cinadabwitsa Afalansa: timadontho toyera tomwazika pamadzi ndi pamasamba, ndi mitundu yambiri ya kubiriwira yoikidwa moyandikana. Pafupi zioneka ngati zosatha. Patali mtengo uoneka wonyowa ndi wogwedezeka ndi mphepo.

Koma wobwera kawiri-kawiri ayamba kufunsa za anthu. Kutali kumanja, m'dambo, muli anchito omweta udzu, ocepa ngati nyerere. M'zaka zimenezo anchito a m'minda ya dera limenelo anali pa umphawi woopsa, ndipo m'caka ca 1822 ena a iwo anaphwanya makina opunthira tirigu ndi kutentha milu ya udzu. Za zimenezi cithunzico ciri cete. Cinena zoona za mitambo ndi madzi, koma njala ya omweta udzu yabisika m'kutalika kwa dambo. Mwana wa mwini cigayo ndi munthu waganyu saona munda ndi diso limodzi. Kudziwa zimenezi sikucotsa kukongola kwa cithunzico. Kungothandiza woona kuzindikira kuti mmisiri ali yense amaima penapace pojambula.

Zionetsero za Kanthawi

Kuwonjezera pa zipinda zaulere, nyumbayi imakonza zionetsero za miyezi yowerengeka, zimene imabwereka zithunzi ku maiko ena. Pa zionetsero zazikulu pamakhala tikiti, ndipo apa ndipo membala alowa osalipiranso, kangati konse afuna.

Citsanzo cabwino ndi cionetsero ca Vincent van Gogh, mmisiri wa ku Holland, cimene cinayamba mu September 2024 nicitha mu January 2025. Nyumbayi iri ndi cithunzi cace ca maluwa a mpendadzuwa, cimene anajambula ku Arles, m'dziko la France, mu August 1888, pofuna kukongoletsa cipinda ca mnzace Paul Gauguin. Maluwawo ndi acikasu, mtsuko wacikasu, khoma lacikasu. Ena angomasula, ena afota natsala ndi njere zokha. M'kalata ina ya m'caka ca 1889 Van Gogh anauza mbale wace Theo kuti afuna zithunzi ziwiri za mpendadzuwa zipacikidwe uku ndi uku, pakati pao pakhale cithunzi ca mai wogwira cingwe cogwedezera kama wa khanda. Pa cionetsero cija anabwereka mpendadzuwa wina ku Philadelphia ndi cithunzi ca maiyo ku Boston, nazipacika monga mwini wace anafunira. Pamenepo maluwa aja, amene anthu anazolowera kuwaona okha, anaoneka ngati nyali ziwiri zounikira maiyo.

Anthu oposa 330,000 anaona cionetseroco, ndipo masiku omariza zitseko zinakhala zotsegula usiku wonse. Wogula tikiti ya tsiku limodzi anayenda mokankhana ndi anzace, naona zonse kamodzi. Membala anatha kubwera tsiku loyamba kudzaona zonse, nabweranso tsiku lina kudzaima pa zithunzi zitatu zokha. Pamenepa ndalama yace inagwira nchito yooneka.

Cimodzi-modzi mu May 2025, pamene mbali ya nyumbayi yochedwa Sainsbury Wing inatsegulidwanso itakonzedwa, zithunzi zoposa 1,000 zinapacikidwa m'dongosolo latsopano. Kwa mlendo panalibe cosintha, pakuti sanadziwe za kale. Koma wozolowera anapeza zithunzi zimene ankazidziwa ziri ndi anansi atsopano, ndipo cithunzi cikasintha mnansi cimaonetsa mbali imene inali yobisika.

Zofooka Zace

Umembala uli ndi zofooka zitatu zosayenera kuzibisa. Coyamba ciri mwa membala mwini. Nkwapafupi kuti asanduke munthu wothamangira zatsopano zokha, wolowa m'cionetsero ndi kutuluka osaponda m'zipinda zaulere, monga munthu wokonda madyerero a kwa eni amene nkhokwe ya kwao saisuzumira. Wotereyu wangokhala mlendo wobwera kambiri.

Caciwiri ndi ca cilungamo. Tikiti ya cionetsero cacikulu imaposa £20, ndipo banja losauka silingathe. Comweco m'nyumba imene inamangidwa pakati pa mzinda kuti olemera ndi osauka akomanemo mwaoneka zitseko ziwiri. Oyankha mlandu umenewu amati ndalama zocokera ku boma sizikwanira, ndipo zopereka za mamembala ndi matikiti zimathandiza kuti citseko cacikulu cikhalebe caulere. Yankho limeneli nlomveka, koma likhala loona pokha-pokha ngati zipinda zaulere zisamalidwa mofanana ndi zolipira.

Cacitatu ciri m'zithunzi zomwe. Nyumbayi isunga luso la ku Ulaya wa kumadzulo, ndipo pafupi-fupi lonse nla amuna. Zithunzi zojambulidwa ndi akazi nzocepa kwambiri. Munthu wa ku Afrika amaonekamo mwa apo ndi apo, ndiponso monga anamuonera Mzungu. Alimo Balthazar, mfumu yakuda yodzapereka mphatso kwa khanda Yesu, m'cithunzi ca Jan Gossaert. Alimonso Miss La La, mkazi wakuda wocita masewera odabwitsa, amene Edgar Degas anamjambula m'caka ca 1879 akukwezedwa kudenga ataluma cingwe ndi mano. M'caka ca 2024 nyumbayi inakonza cionetsero caulere cofotokoza moyo wa mkaziyo, ndipo inacita bwino. Inacitanso bwino m'caka ca 2021 pamene inaulula zimene ofufuza anapeza, kuti mbali ina ya malonda a inshuwalansi ya zombo amene analemeretsa Angerstein inakhudzana ndi ukapolo. Membala wanzeru sayesa kuti zimene ziri m'nyumbamo ndilo luso lonse la dziko lapansi.

Cithunzi Cimodzi pa Mwezi

Umboni woposa wonse wa phindu la kudekha unaoneka pa nthawi ya nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. M'caka ca 1939, nkhondo iri pafupi kuyamba, zithunzi zonse zinacotsedwa ku London poopa mabomba, ndipo pambuyo pace zinabisidwa m'mapanga a mgodi wa miyala wa ku Manod, m'dziko la Wales. Makoma anatsala opanda kanthu. Woimba piyano Myra Hess anayambitsa nyimbo za masana m'nyumbamo kuti anthu apeze citonthozo, koma anthu analakalakabe zithunzi zao.

M'caka ca 1942 mkulu wa nyumbayi, Kenneth Clark, anabvomera kuti cithunzi cimodzi cizibwera kucokera kumapanga kuja mwezi uli wonse. Cimodzi mwa zoyamba cinali ca Titian, mmisiri wa ku Venice, coonetsa Mariya wa Magadala akukomana ndi Yesu m'munda atauka kwa akufa. Usiku ankacitsitsira m'cipinda colimba ca pansi, m'mawa nkucipacikanso. Anthu ankabwera ambiri-mbiri kudzaona cithunzi cimodzi cokhaco. Panalibe cothamangira. Nkhondo inawakakamiza kucita cimene mtendere ndi kuculuka kwa zithunzi kumawaiwalitsa: kuima malo amodzi ndi kuyang'anitsitsa.

Ciweruzo

Tsono mlandu uja uweruzidwe motere. Khadi la umembala silipatsa munthu maso. Zonse zimene zafotokozedwa za kalirole wa Van Eyck, nsambo yoduka ya Holbein ndi omweta udzu a Constable ziri m'zipinda zaulere, ndipo munthu wopanda khobidi atha kuzipeza ngati abwera kawiri ndi katatu. Cimene khadilo licita ndi kumkumbutsa munthu njira, kumtsegulira zionetsero zobwereka, ndi kumpatsa mtima wa mwini nyumba m'malo mwa mtima wa mlendo. Kwa iye amene ali ndi ndalamazo, ndipo adzazigwiritsa nchito pobwerera ku zithunzi zomwe-zomwezo, umembala ngwabwino, ndipo athandiza nao kusunga citseko cotsegukira anzace. Kwa iye amene alibe, palibe cacikulu cimene wamanidwa, malinga nyumbayi isunge pangano lace la m'caka ca 1824.

Mwambi wa makolo uti kuona maso a nkhono nkudekha. Nkhono siturutsa maso ace kwa munthu woigwedeza, ndipo cithunzi sicionetsa zace kwa munthu wothamanga. Amene anapirira pa lembo loyamba kufikira anawerenga kalata yathunthu ali nalo kale luso lofunika m'nyumba iri yonse ya zithunzi, ya ku London kapena ya kwina kuli konse.